OLIRA MSONKHO M'DZINA LA AMPHAWI AKAFUNSE PA TSOKA

Chaka ndi chaka, Nduna ya Zachuma ikamakonzekera kukapereka bajeti ku Nyumba ya Malamulo, m'mahotela a mumzinda wa Lilongwe mumachitika misonkhano yomva maganizo a anthu. Pamisonkhano imeneyi sipalephera kuimirira bambo wa suti ya mtengo wapatali, amene galimoto yake ikudikira panja ndi dalaivala, n'kunena ndi mawu achisoni kuti msonkho wa pamalipiro wakula, kuti ukupha mabanja, ndi kuti Boma likafuna kuthandiza amphawi liutsitse, makamaka gawo lake lapamwamba. Akatero amawonjeza kuti akatswiri a zachuma adafufuza kale nkhaniyi ndipo adagwirizana naye. Anzake amaomba m'manja, atolankhani amalemba, ndipo m'mawa mwake kalaliki wa ku Capital Hill amawerenga ali m'minibasi n'kumagwedeza mutu movomereza.

Nthawi yakwana yakuti atsogoleri a Chipani ndi ogwira ntchito m'Boma aleke kugwedeza mutu asanawerengere. Kafukufuku amene bamboyo amatchula alipodi, koma sanena zimene iye amanena. Wofuna kudziwa zoona zake asavutike ndi ulendo wa ku London kapena ku Washington. Atsike kuchoka ku City Centre, adutse kumayadi, afike ku Old Town, akaime pa Msika wa Tsoka ndi mabuku a ofufuzawo m'manja, n'kuona ngati mphawi amene akumulirira m'hoteloyo ndi yemweyo amene ali pamsikapo.

PA TSOKA PALIBE MALIPIRO

Msika wa Tsoka uli m'mphepete mwa mtsinje wa Lilongwe, moyang'anana ndi msika wa ndiwo wa Lizulu, ndipo pakati pa misika iwiriyi pali timilatho ta matabwa timene munthu amalipira kuti aoloke. Pamenepa pali ogulitsa kaunjika, nsapato ndi zikwama, pali atelala ndi osoka nsapato, pali amayi ophika nsima ndi anyamata onyamula katundu. Amadzuka kusanache ku Kawale, ku Mchesi, ku Biwi, ku Chinsapo ndi ku Area 36, ndipo amaweruka dzuwa litalowa. Munthu atawafunsa mmodzimmodzi kuti mwezi watha adadulidwa zingati za msonkho wa pamalipiro, umene amautcha PAYE, angamuseke, pakuti msonkho umenewu amadula kwa munthu amene ali ndi bwana ndi malipiro a pamwezi olembedwa m'buku. Pa Tsoka palibe malipiro. Pali mpamba, ndi phindu la tsiku limenelo ngati lapezeka.

Wina anganene kuti msika umodzi si dziko lonse. Ayankhidwe ndi ofesi ya Boma yowerengera anthu ndi zinthu, National Statistical Office ya ku Zomba. Kafukufuku wake wa za ntchito wa mu 2013 adapeza kuti mwa anthu 100 alionse ogwira ntchito m'dziko muno, 89 ankagwira ntchito zosalembedwa m'mabuku, monga ulimi wa pakhomo, geni ndi ganyu. Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti mwa a Malawi 100 alionse, 84 ankakhala kumidzi. Kafukufuku wa moyo wa m'mabanja wa mu 2019 ndi 2020 adapeza kuti pafupifupi anthu 51 mwa 100 alionse adali amphawi, ndipo 20 mwa 100 alionse sankakwanitsa ngakhale chakudya chokwanira thupi. Motero mayi wa pa Tsoka sali yekha. Iyeyo ndiye chithunzi cha dziko lino, ndipo bambo wa m'hotela uja ndiye wosowa.

Ngakhale pakati pa olembedwa ntchito, ambiri safika pakhomo la msonkho umenewu. Mu 2024 malipiro otsika kwambiri amene lamulo linkalola kwa antchito ambiri adali K90,000 pamwezi, pamene msonkho unkayamba kudulidwa munthu akapitirira K150,000. Mlonda wa pageti ku Area 10, wosesa m'sitolo ku Old Town, wantchito wa m'nyumba ku Area 43, onsewa adali kunsi kwa malirewo. Tsono ngati msonkho wa pamalipiro sufika pa Tsoka, sufika kumudzi, ndipo sufika kwa mlonda, kodi kuutsitsa kupulumutsa mphawi uti?

MASAMU SANAMA

Nkhaniyi imamveka bwino ikaikidwa m'manambala, ndipo manambala ake ngosavuta kotero kuti mwana wa Sitandade 8 angawawerengere. Mwa malamulo amene adayamba kugwira ntchito mu Epulo 2024, K150,000 yoyamba pamwezi sinkadulidwa kanthu. K350,000 yotsatira inkadulidwa K25 pa K100 iliyonse. K2,050,000 yotsatira inkadulidwa K30 pa K100 iliyonse, ndipo zonse zopitirira K2,550,000 zinkadulidwa K35 pa K100 iliyonse. Choncho kalaliki wolandira K200,000 ankapereka K12,500, ndipo mkulu wa kampani wolandira K5,000,000 ankapereka K1,560,000.

Boma likadamvera bambo wa suti uja n'kutsitsa gawo lapamwambalo kuchoka pa K35 kufika pa K30, mkulu wa kampaniyo akadapindula K122,500 mwezi uliwonse, ndalama yoposa malipiro onse a mlonda amene amamutsegulira geti. Pachaka ikadakhala K1,470,000. Kalaliki wa K200,000 sakadapindula ngakhale tambala limodzi, pakuti malipiro ake safika m'gawo limenelo. Mlonda sakadaona kanthu. Mayi wa pa Tsoka sakadamva n'komwe kuti china chasintha. Umenewu ndiwo mphatso imene amati ndi ya amphawi.

Ngakhale kukweza malire a ndalama yosadulidwa msonkho, komwe kuli kwabwino ndi koyenera, kuli ndi chinsinsi chimene ambiri sachiona. Pamene malirewo adakwezedwa mu 2024 kuchoka pa K100,000 kufika pa K150,000, magawo onse adasuntha pamodzi. Kalaliki wa K200,000 adapindula K12,500 pamwezi. Mkulu wa kampani uja adapindula K17,500, chifukwa K50,000 imene idamasulidwa idachoka m'gawo lake la K35. Mlonda wa K90,000 sadapindule kanthu, chifukwa munthu sangakhululukidwe msonkho umene sankapereka. Phunziro lake ndi ili: msonkho wa pamalipiro, ukautsitsira pamwamba kapena ukautsitsira pansi, dzanja lalitali ndilo limatapa zambiri, ndipo wopanda malipiro amangoonerera.

NTHANO YA MADONTHO

Ochenjera akapanikizidwa ndi masamu amenewa amasintha nyimbo. Amati n'zoona kuti wolemera ndiye ayamba kupindula, koma akatsala ndi ndalama zambiri adzatsegula mafakitale, adzalemba anthu ntchito, ndipo chuma chidzadontha kuchoka kumayadi mpaka kufika pa Tsoka. Nthano imeneyi si yachilendo. Idatchuka m'masiku a Margaret Thatcher ku Britain, amene adatsitsa gawo lapamwamba kuchoka pa 83 peresenti kufika pa 60 mu 1979 ndi pa 40 mu 1988, ndi m'masiku a Ronald Reagan ku America, amene adalitsitsa kuchoka pa 70 peresenti mpaka pa 28. Popeza papita zaka zambiri, ofufuza akhala ndi mpata woona ngati madonthowo adafika pansi.

Mu 2020 akatswiri awiri a ku London, David Hope ndi Julian Limberg, adatulutsa zimene adapeza atasanthula mayiko olemera 18 pa zaka 50. Adayang'ana nthawi zonse zimene mayikowo adatsitsa kwambiri msonkho wa anthu olemera, n'kuona chimene chidatsatira. Adapeza kuti gawo la chuma lopita kwa olemera kwambiri lidakula, koma pa kukula kwa chuma cha dziko ndi pa chiwerengero cha osowa ntchito sipadaoneke kusintha kwenikweni. Mu Sepitembala 2022 boma la Liz Truss ku Britain lidayesa kuchotsa gawo la 45 peresenti m'dzina la nthano yomweyi. Ndalama ya dzikolo idagwa, ganizolo lidabwezedwa pasanathe masabata awiri, ndipo mu Okutobala mayiyo adatula pansi udindo. Eni nthano aikana kwawo, koma pano ikadali ndi alaliki.

Umboni woposa uli kwathu konkuno kwa a Malawi. Pakati pa 2004 ndi 2011 chuma cha dziko lino chinkakula mofulumira, ndipo nyumba zosanja zidamera ku Area 43 ndi ku Area 47. Koma lipoti limene bungwe la Oxfam lidatulutsa mu 2015, lolembedwa ndi akatswiri a ku Chancellor College, Richard Mussa ndi Winford Masanjala, lidasonyeza kuti mu 2004 anthu 10 olemera kwambiri mwa 100 alionse ankagwiritsa ntchito chuma choposa cha anthu 10 osaukitsitsa ka 22, ndipo pofika mu 2011 kudali ka 34. M'zaka zomwezo umphawi udangotsika kuchoka pa 52 kufika pa 51 mwa anthu 100 alionse. Mvula idagwa ndithu, koma idagwera padenga la malata la kumayadi n'kulowa m'thanki ya mwini nyumba. Wosakhulupirira akaime pamalire a Area 47 ndi Mtandire, kapena a Area 12 ndi Kauma, akaone mpanda wa njerwa mbali ino ndi nyumba za zidina mbali inayo, kenaka anene kuti madontho adadutsira pati.

MSONKHO UMENE TSOKA AMAPEREKA

Koma pasapezeke wogwira ntchito m'Boma woganiza kuti popeza anthu a pa Tsoka sadulidwa PAYE ndiye kuti sapereka msonkho. Limenelo ndi bodza lina, lonyoza kuposa loyamba lija. Mayi wa kaunjika amadula tikiti ya khonsolo tsiku lililonse, wagulitsa kapena sadagulitse. Belo limene amatsegula m'mawa lidalipira kale msonkho wa pachipata lisanafike m'manja mwake, ndipo woitanitsayo adauika mumtengo. Minibasi imene amakwera imayendera mafuta amene ali ndi misonkho yake. Akagula shuga, mayunitsi a foni, magetsi, thumba la simenti kapena lata loika padenga, amapereka VAT. Kwa zaka zambiri kuyambira mu 2008 msonkho umenewu udali pa 16.5 peresenti, kutanthauza kuti pa katundu wa K11,650, K1,650 inkapita ku Boma.

VAT safunsa kuti wogula ndani. Paketi ya shuga ili ndi msonkho umodzimodzi, kaya yagulidwa ndi mkulu wa banki kaya ndi mnyamata wonyamula matumba. Koma mkulu wa banki amadya kachigawo chabe ka malipiro ake, zotsalazo n'kusunga, pamene mnyamatayo amadya zonse zimene wapeza tsiku lomwelo. N'chifukwa chake mwala womwewo umalemera mosiyana pamitu iwiriyi. Boma lidazindikira zimenezi posaika VAT pa chimanga ndi zakudya zina zosakonzedwa m'fakitale, ndipo phokoso limene lidabuka pa mafuta ophikira mpaka VAT yake idachotsedwa mu 2022, pamodzi ndi ya madzi a m'mipope, lidasonyeza poyera kuti msonkho umene umalasa banja la mphawi uli m'sitolo, osati pa kapepala ka malipiro. Katswiri wina, Nora Lustig wa ku Tulane University ku America, amene gulu lake lasanthula mayiko ambiri osauka, adapeza kuti m'mayiko angapo mabanja osauka amapereka ku boma kudzera m'misonkho ya pamalonda ndalama zoposa zimene amalandira ngati chithandizo, kotero kuti msonkho womwewo umawawonjezera umphawi.

A Malawi safunika kuphunzitsidwa ndi mlendo kuwawa kwa msonkho wofanana kwa onse. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1890 boma la Harry Johnston lidaika msonkho wa nyumba, mashelengi atatu pa khumbi lililonse, posayang'ana kuti m'nkhokwe muli chiyani. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900 atsamunda adaonjeza nkhanza polamula kuti amene sadagwire ntchito mwezi wathunthu kwa mzungu azipereka kawiri, ndipo msonkho udasanduka chikwapu chothamangitsira anthu ku minda ya azungu ndi ku thangata. Mkwiyo umenewu udali pakati pa zimene zidautsa John Chilembwe mu Januwale 1915. Msonkho wa pamutu udapitirira ngakhale dziko litalandira ufulu mu 1964, ndipo akuluakulu akukumbukira mmene amuna ankathawira kutchire akamva kuti amesenjala afika m'mudzi, mpaka udathetsedwa m'zaka za m'ma 1990. Mwa misonkho yonse imene dziko lino laona, wa pamalipiro wokhala ndi magawo ndi wokhawo umene umayamba wafunsa kuti munthu ali ndi zingati usanamuuze zoti apereke. Ndipo ndi womwewo umene ochenjera akufuna kuuthyola mano.

DZENJE LIDZAKWIRIRIDWA NDI CHIYANI?

Funso limene silifunsidwa m'hotela ndi lakuti ndalama imene mkulu wa kampani wakhululukidwa idzachokera kuti. Aphunzitsi ayenera kulipidwabe, mankhwala ayenera kugulidwabe, msewu uyenera kukonzedwabe. Boma lili ndi makomo atatu okha, ndipo onse atatu amatulukira pa Tsoka.

Khomo loyamba ndi kuwonjeza msonkho wa pamalonda, ndipo amene amausenza wadziwika kale. Dziko la Kenya lidayesa njira imeneyi mu 2024 pofuna kuika VAT pa buledi. Achinyamata adadzaza misewu ya Nairobi, adalowa m'nyumba ya malamulo pa 25 Juni, anthu adafa, ndipo Pulezidenti William Ruto adakana kusaina lamulolo.

Khomo lachiwiri ndi ngongole. Boma likasowa msonkho limakongola ku mabanki ndi kwa anthu a ndalama, ndipo limawabwezera ndi chiwongoladzanja chochokera mumsonkho wa anthu onse. Mu bajeti ya 2024/25, imene idali pafupifupi K6 thililiyoni, pafupifupi kwacha imodzi mwa zinayi zilizonse idakonzedwa kupita ku chiwongoladzanja chokha. Apa ndiye pali nthabwala yowawa: wolemera amene wakana kupereka ndalama yake ngati msonkho amaibwereketsa ku Boma lomwelo n'kumalandira phindu, ndipo phindulo limalipidwa ndi VAT ya mayi wa pa Tsoka. Ngongole ikachuluka mitengo ya zinthu imakwera ndipo kwacha imafooka. Idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo nthawi zonse ziwirizi belo la kaunjika, limene limagulidwa ndi ndalama zakunja, lidakwera mtengo mpamba wa mayiyo uli pomwepo.

Khomo lachitatu ndi kuchepetsa ntchito za Boma. Mwana wa kumayadi akadwala amapita ku chipatala cholipira, ndipo zikavuta amakwera ndege kupita ku Johannesburg kapena ku India. Mwana wa pa Tsoka amabadwira ku Bwaila, akadwala amagona ku Kamuzu Central Hospital, ndipo amaphunzira pa sukulu ya pulaimale ya Boma, imene yakhala yaulere kuyambira mu 1994. Mankhwala akatha m'chipatala cha Boma, bambo wa suti samva. Amamva ndi mayi amene wapatsidwa kapepala kuti akagule yekha ku famase, n'kutapa mumpamba wa geni. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko.

KULIRA KOONA KWA KALALIKI

Kunena zonsezi si kukana kuti pali olipira msonkho amene akulira moona. Mphunzitsi, namwino, wapolisi ndi kalaliki amadulidwa ndalama isanafike m'manja, ndipo alibe kothawira. Mu 2020 malire a ndalama yosadulidwa msonkho adakwezedwa kuchoka pa K45,000 kufika pa K100,000, ndipo panthawiyo K100,000 idali madola a ku America oposa 130. Mu 2024 malirewo adafika pa K150,000, koma ndalama imeneyi sinkafika madola 90. Nambala idakula, mphamvu idachepa. Malipiro akakwezedwa pang'ono kuti athamangire mitengo ya zinthu, munthu amapezeka walowa m'gawo lapamwamba ngakhale mbale yake ya nsima yachepa. Bungwe la Centre for Social Concern la ku Kanengo, limene limawerengera mtengo wa zofunika pa banja la anthu asanu ndi mmodzi m'mizinda, lakhala likusonyeza kwa zaka zambiri kuti mtengowo umaposa malire a msonkho. Dandaulo limeneli nloyenera, ndipo Chipani chimene chimamvera anthu chiyenera kulinyamula: malirewo aziyenda pamodzi ndi mitengo ya zinthu chaka ndi chaka, osadikira kuti anthu ayambe afuula.

Koma kalaliki achenjere ndi amene akumuthandiza kulira. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Vuto la kalaliki lili pansi pa makwerero, pamene bambo wa suti akufuna mankhwala apakidwe pamwamba. Ndipo mpumulo wa kalaliki uli ndi mtengo, umene uyenera kulipidwa ndi wina. Ngati sulipidwa ndi wa K5,000,000, udzalipidwa ndi wa pa Tsoka.

N'zoonanso kuti msonkho ungakule mpaka kufooketsa anthu, ndipo ofufuza satsutsa zimenezo. Gawo la 83 peresenti la ku Britain lija lidali lopitirira muyeso. Koma dziko lino silidayandikeko kumeneko. Mu 2021 padaikidwa gawo la 40 peresenti kwa olandira zoposa K6 miliyoni pamwezi, ndipo mu 2023 lidachotsedwa, koma palibe amene adaona mafakitale akumera chifukwa cha kuchotsedwako. Ku South Africa, kumene anthu omwewa amakonda kukagula masuti awo, gawo lapamwamba lidafika pa 45 peresenti mu 2017.

Chofunika kwenikweni ndi kufikira chuma chimene chimabisala. Lamulo limati lendi ya nyumba ndi phindu loyenera msonkho, koma ndani sadziwa za anthu a nyumba zisanu kapena khumi kumayadi amene amalandira lendi m'manja, ena m'madola, dzina lawo osaoneka m'buku lililonse? Ndani sadziwa za amalonda akuluakulu amene amafunsa wogula ngati akufuna lisiti kapena mtengo wotsika? N'zamanyazi kuti mphunzitsi wa ku Chilinde amapereka msonkho mokhulupirika kuposa mwini nyumba zosanja. Malawi Revenue Authority, imene idayamba ntchito mu 2000, ipatsidwe mphamvu ndi chilimbikitso chonse kuti igogode pa mageti amenewo, ndipo pasapezeke mtsogoleri wa Chipani woimba foni kupempha kuti wakutiwakuti asiyidwe chifukwa ndi mnzake.

UDINDO WA OSUNGA THUMBA

Pali mfundo imodzi ya otsutsa msonkho imene siyankhidwa ndi masamu, ndipo ogwira ntchito m'Boma ayenera kuimva ngakhale ikuwawa. Anthu amati: kodi kupereka kuli ndi phindu lanji ngati ndalamazo zikubedwa? Mu 2013 dziko lonse lidaona ndalama za Boma zikupezeka m'mabuti a galimoto ndi m'nyumba za ogwira ntchito ku Capital Hill. Ofufuza mabuku a kampani ya Baker Tilly adapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zidasowa m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, ndipo mayiko othandiza adaimika chithandizo chawo cha mu bajeti. Ndalama imeneyo sidali ya Boma lopanda nkhope. Idali VAT ya shuga wa mayi wa ku Mchesi, idali K12,500 ya kalaliki, idali mankhwala a ku Bwaila.

Wogwira ntchito m'Boma amene amasaina malipiro a katundu amene sadabwere, amene amalemba ulendo umene sadayende kuti alandire alawansi, amene amakonza msonkhano ku nyanja umene ukadachitikira mu ofesi, ameneyo ndi bwenzi lalikulu la bambo wa suti, pakuti akumupatsa umboni woti akaime nawo m'hotela. Nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu. Koma yankho la kuba si kuleka kusonkha, monga momwe yankho la mbewa m'nkhokwe si kuleka kulima. Yankho ndi kugwira wakuba, kaya wavala nsalu ya chipani chiti, n'kumupereka ku bwalo la milandu.

Tsono apampando a nthambi, a madera ndi a maboma, amayi ndi achinyamata a Chipani, pamodzi ndi onse ogwira ntchito m'Boma, asachite mantha ndi munthu chifukwa wati kafukufuku. Akamva wina akupempha kuti msonkho utsitsidwe m'dzina la amphawi, amufunse mwaulemu mafunso atatu. Gawo liti limene akufuna litsike? Banja lopeza ndalama zingati ndilo lidzapindule, ndipo ndi makwacha angati pamwezi? Dzenje lotsalalo lidzakwiriridwa ndi ndalama ya yani? Wonena zoona adzayankha ndi manambala. Wolirira thumba lake adzayankha ndi Chingelezi chambiri.

Mutu umodzi susenza denga, koma posenza denga wamtali ndi wamphamvu saima pambali kuti ana asenze okha. Amene dziko lino lamupatsa zambiri, amene adaphunzira ndi ndalama za alimi a fodya, amene katundu wake amayenda pa misewu ya Boma ndipo chuma chake chimatetezedwa ndi apolisi a Boma, apereke molingana ndi zimene walandira. Mayi wa pa Tsoka adzadzuka mawa kusanache, adzalipira pa kamlatho ka matabwa, adzadula tikiti ya khonsolo asanagulitse malaya ndi amodzi omwe, ndipo madzulo adzapereka VAT pa shuga wa ana ake. Iyeyo sadapemphe kukhululukidwa. Chimene akufuna ndi chakuti akafika ku Bwaila usiku ndi mwana wotentha thupi apeze mankhwala, ndi kuti dzina lake lileke kutchulidwa m'mahotela ndi anthu amene sadapondepo pamsika wake.